Nyali ya oyilo pa vani yakale: ikunama kapena injini ikufa?

Takulandirani nonse, makamaka inu eni mavani akale. Lero tili pa kanyali kofiira ka oyilo kaja, kamene kamaphethira mukaima injini itatentha, mukaponda mafuta kanyaliko n'kuzima. Penyani mpaka kumapeto, chifukwa sitepe yachitatu ndi imene imapulumutsa injini.

Zoyambirira tithamange nazo. Nyali ikayaka mukuyenda, patukani, zimitsani injini. Dikirani mphindi zingapo, galimoto ili pamalo osapendekeka, yezani oyilo. Ngati wachepa, thirani. Ngati injini ikugogoda, musailizenso. Basi.

Tsopano nayi nkhani imene imandipweteka mutu. Munthu asolola dipisitiki, kachitsulo koyezera oyilo kaja, aona oyilo ali pa mzere wapamwamba, ndiye akuti, "Oyilo ndi wodzaza, nyaliyi ikunama." Ayi, abale anga! Ayi! Pa mavani akalewa nyali yofiira siyeza kuchuluka kwa oyilo. Imayeza presha, mphamvu imene pampu ikukankhira oyilo kupita ku mabeyaring'i, tizitsulo timene zitsulo zozungulira za m'injini zimatsetserekapo. Thanki itha kudzaza madzi mpaka kukamwa koma pampope osatuluka ndi dontho lomwe. Oyilo ali m'sampu, chibeseni cha pansi pa injini, inde, koma kodi akufika kumene akufunika? Kasefa kamene pampu imayamwira oyilo kakatsekeka ndi utope wakuda, dipisitiki idzakuuzanibe kuti zonse zili bwino. Mabeyaring'i akadyeka, oyilo amathawira m'mipata, presha n'kugwa, dipisitiki ili chodzazire. Dizilo kapena petulo akalowa m'sampu, mlingo umachita kukwera, koma oyiloyo wasanduka wamadzimadzi. Ndipo dziwani kuti nyaliyi imayatsidwa ndi kaswichi komva presha ya oyilo, ndipo maswichi ambiri amaiyatsa presha ikatsika kufika cha pa 0.3 mpaka 0.5 bar (bar ndi muyeso wa presha). Imeneyo ndi presha yochepetsetsa zedi. Nyali ikamayaka zoona, zinthu zafika kale poipa. Ndiye wina n'kuchotsa babu kuti isamamusowetse mtendere! Zimandiwawa, chifukwa injini yonoka siyerekezeka n'komwe ndi mtengo wa kaswichi. Nyali musaitchule yabodza musanaiyeze.

Ngati mwamvapo chachilendo apa, dinani like, ndipo amene simunapange subscribe, batani lili pansipo. Tiyeni ku ntchito.

Sitepe 1. Pezani swichi ya presha. Kawirikawiri imakhala pa buloko, thunthu la injini, pafupi ndi fyuluta ya oyilo, ili ndi waya mmodzi. Vulani pulagi, suzumirani. Mukapeza oyilo m'kati mwa pulagi, swichiyo yaphulika m'kati, yatha ntchito.

Sitepe 2. Waya. Swichi imeneyi imayatsa nyali polumikiza wayayo ku chitsulo cha injini. Choncho waya akasupuka n'kukhudza chitsulo paliponse, nyali iyaka ngakhale presha ili bwinobwino. Tembenuzani kiyi osaliza injini: nyali iyake. Zulani waya pa swichi: izime. Ikakhalabe yoyaka, vuto lili pa waya. Ikazima, gwedezani wayayo utali wake wonse wina akukuyang'anirani dashibodi. Onani apa, kamera iyandikire, pamene wadutsa pafupi ndi ekizozi: chikopa chake chauma, chasweka, mkuwa uli poyera.

Inu a Volkswagen Transporter, T3 ndi T4, tamverani kaye. Zambiri mwa zanuzo zili ndi maswichi awiri. Yachiwiri imayang'aniridwa injini ikapitirira pafupifupi 2000 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi), ndipo imagwira ntchito mosemphana: imalumikiza waya ku chitsulo presha ikakwera. Waya wake akaduka kapena pulagi ikachita dzimbiri, belu lochenjeza za oyilo limalira mukangothamanga. Maswichi awiriwa musawasinthanitse, ndipo gulani ya nambala ya injini yanu.

Sitepe 3, yofunika kuposa zonse. Masulani swichi, m'malo mwake mangani geji ya presha, ya paipi ija, osati yamagetsi. Samalani ndi mazinga: saizi yake pa Volkswagen nthawi zambiri ndi M10x1, pamene injini zambiri za ku Japan ndi 1/8 BSPT. Mukakakamiza adaputala yolakwika, muwononga buloko. Lizani injini mpaka itenthe kwenikweni, chifukwa oyilo wozizira ndi wolimba, amaonetsa presha yabwino ngakhale pa injini yotopa. Werengani geji injini ikungolira yokha, kenako pondani mafuta muwerengenso. Amakaniko ambiri amayendera lamulo la 10 psi (muyeso wina wa presha) pa 1000 rpm iliyonse, koma buku la injini yanu ndilo lili ndi mawu omaliza. Kamangidwe ka geji ndinakaonetsa bwino mu vidiyo ina, link ili m'munsimu.

Sitepe 4. Geji ikaonetsa presha yabwino, pamenepo ndiye tinganene kuti nyali imanama. Ikani swichi yatsopano, osaimanga mwankhanza, osaikulunga tepi yambiri, chifukwa magetsi amabwerera kudzera m'mazinga omwewo.

Koma geji ikakhala pansi, musathawire ku oyilo wolimba kuti nyali ikhale chete. Yambani mwasintha oyilo ndi fyuluta, muyezenso. Zikapanda kusintha, sampu itsike, tione kasefa ndi mabeyaring'i. Ntchito imeneyo tiichitira limodzi mu vidiyo yotsatira, ndiye dinani kabelu kaja isakupiteni.