Mapapu: chifukwa chani ku America analetsa pomwe ife timadya

Zikomo amfumu, amayi ndi abambo nonse. Lero tikambe za zamkati, zija timagula pa chiwaya kwa Kawale kapena ku Mchesi madzulo, nthumbwana, chiwindi, mapapu, chifu.

Ku Scotland, kwawo kwa David Livingstone kuja, ali ndi chakudya chawo amati haggis. Amatenga mtima, chiwindi ndi mapapu a nkhosa nkudula ting'onoting'ono, kusakaniza ndi anyezi, mafuta a nyama ndi oats, mbewu ina yonga tirigu, kenako amalongedza mu chifu cha nkhosa nkuwiritsa maola angapo, ndipo pa 25 January ndiye amachidya kwambiri. Ndiye musamati azungu sadya zamkati ayi, amadya ndithu.

Koma haggis yeniyeniyo siingalowe ku America. Kuyambira 1971 boma la kumeneko linaletsa kugulitsa mapapu a ziweto ngati chakudya cha anthu, ati pozinga nyama madzi a m'mimba ndi makhololo amatha kulowa m'mapapumo ndipo simungatsuke mkati monse. Moti opanga haggis kumeneko amapanga yopanda mapapu.

Kuno mapapu ali mbwee pamsika, koma nyama yogulitsa imayenera kuyamba yaonedwa ndi a vetenale nkuidinda chidindo. Vuto ndi mbuzi zija zozingidwa kuseli kwa nyumba mbandakucha, amene waziona ndani?

Ndiye pogula muziyang'ana, musamachite manyazi, ndalama ndi yanu. Mapapu abwino amakhala ofiirira mopepuka, ofewa ngati siponji. Mukagwira nkumva timibulu tolimba, mukacheka mkati muli zachikasu ngati mafinya ouma, asiyeni pompo, chikhoza kukhala chifuwa chachikulu cha ng'ombe ndipo chimagwiranso anthu. Chiwindi nacho chekani, mukapeza timitsempha toyera tokhuthala ndi nyongolotsi zaphwatalala ngati tsamba, chiweto chimenecho chimadya kudambo, chiwindicho ndi chotaya.

Eee mayi kumbuyoko mwati bwanji? Kuwiritsa? Inde wiritsani kaye zipse mpaka mkati musanakazinge, osati kungowaula pamwamba ngati anyamata a kanyenya ena. Koma nyama yofa yokha ayi mayi, olo mutawiritsa tsiku lonse, ngati inafa ndi anthrax, matenda aja opha ziweto mwadzidzidzi, mukhoza kuwatenga kale posenda chikopa. Imeneyo musaikhudze, itanani alangizi a ziweto.