Masitampa amene sanayendepo ndi kalata

Zikomo amfumu, zikomo azimayi ndi azibambo, nanunso achinyamata mwakhala kumbuyoko. Kapulasitiki aka kayambire kwa agogo uko, kazizungulira. Muyang'ane koma musatulutse zimene zili m'katimo, thukuta la m'manja limasiya mawanga papepala.

Mukuona nkhope ya Mfumukazi Elizabeth, ndipo padutsa mizere iwiri yakuda kuchokera pamwamba mpaka pansi. Ndi sitampa yeniyeni ya ku Britain, koma anaipha dala, chifukwa sitampa ndi ndalama. Kalaliki watsopano asanaime pakauntala ankayamba wapita kusukulu ya positi, kumene kunali kauntala yongoyeserera. Mnzake abwera ndi phukusi ngati kasitomala. Iye ayeze pasikelo, awerengere mtengo, ang'ambe masitampa motsata timabowo osaluma ngodya, amate, adinde tsiku, abweze chenji. Pomaliza awerenge zotsala m'dirowa mpaka zigwirizane ndi buku. Akanawapatsa masitampa amoyo, ena akanatuluka nawo m'thumba. N'chifukwa chake kuyambira nthawi ya Mfumu George V ankadindapo mizereyi. Ku France ankadinda mawu akuti ANNULÉ (yafafanizidwa) mu 1911 ndi SPECIMEN (chitsanzo) mu 1925, kenako anasindikiza ena apadera olembedwa SANS VALEUR, opanda mtengo uliwonse.

Amene ndimawakonda kwambiri ndi a 1971. Akuluakulu muli pano mukukumbuka Januwale wa 1968, pamene mapaundi ndi mashilingi anachoka kuno ku Zambia, kwacha ndi ngwee n'kulowa: paundi imodzi makwacha awiri, shilingi imodzi 10 ngwee. Pamsika mitu inazungulira! Ku Britain zotere zinawafikira pa 15 Febuluwale 1971, paundi ya mapeni 240 itasanduka ya mapeni 100 atsopano. A positi anasindikiziratu timapepala tamitundumitundu, topanda nkhope ya munthu, tongolembedwa 2p, 2½p, 3p, 3½p ndi 4p, kuti makalaliki azolowere masamu atsopanowo tsikulo lisanafike. Sitokongola ayi. Koma ndikatigwira ndimaganiza za manja amene ankalandira ndalama za abambo athu kuchokera kumigodi ya Kitwe ndi Luanshya, n'kuzipereka kwa amayi a ku Katete, ku Chadiza ndi ku Lundazi amene ambiri sankatha kuwerenga. Kalaliki akaphonya masamu, wolira anali mayi uja. Ntchito imeneyi inkafunika kuiphunzira mpaka kulowa m'zala, ndipo anthu oigwira sitiwatchula kawirikawiri.

Tsopano inu achinyamata amene mukufuna kuyamba kusonkhanitsa, chenjerani. Mizere iwiri aliyense atha kuijambula ndi rula ndi cholembera pasitampa wamba, n'kukugulitsani pa intaneti modula. Yang'anani inki yake ndi galasi lokulitsa, muyerekeze ndi ina yodziwika bwino. Ine ndimakhulupirira kwambiri masitampa olumikizana awiri kapena anayi, kapena amene adakali pafomu yomwe wophunzirayo ankagwiritsa ntchito, pali chidindo cha sukulu yake. Musawamate ndi guluu kapena selotepi. Nyengo ya mvula kuno chinyezi chimawamatiriza pamodzi n'kuchititsa nkhungu, ndipo mphemvu zimakonda kunyambita kumbuyo kwake, choncho muziwaika m'buku lake, bukulo m'chitini chotseka bwino, patali ndi khoma.

Musayambire kutali. Kafufuzeni m'masutikesi a agogo. Mukapeza envulopu yodindidwa FORT JAMESON, dzina lakale la Chipata wathuyu, yokhala ndi sitampa ya Northern Rhodesia kapena ya Rhodesia and Nyasaland, chonde musaidule ndi lumo kuti muchotse sitampa. Isiyeni yonse, chifukwa tsiku, malo ndi dzanja la kalaliki zili pachidindopo. Mubwere nayo Loweruka likudzali tidzaiwerenge pamodzi. Kapulasitiki kaja kafika pati? Amene muli ndi mafunso, kwezani manja.