Usanafufute Windows, yamba wayesa kaye Linux pa flash

Mphwanga, ndamva ma voice anu aja, mwakangana za Linux ndi Windows, ma system oyendetsa kompyuta, mpaka usiku koma palibe wayatsa kompyuta n'kuyesa. Tamvera.

Laputopu yako ija ili pa Windows 10, ndipo Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 October 2025. Windows 11 singalowe chifukwa imafuna TPM 2.0, kachipangizo ka chitetezo ka mkati mwa kompyuta, yakoyo ilibe. Ndiye chita izi. Koperatu mafayilo onse, ma CV a makasitomala, zithunzi, chilichonse, uike pa hard drive ina, usadzandiimbire ukulira. Kenako dawuniloda Linux Mint, mtundu wina wa Linux, usankhe ya Xfce chifukwa ndi yopepuka pa makina okalamba, ndi pafupifupi 3GB ndiye dikira bandulo ya usiku. Upeze flash ya 8GB yopanda kanthu, eya yopanda kanthu, chifukwa Rufus, pulogalamu yomwe uikire Linux pa flash, ikamalemba mmenemo imafufuta zonse. Ukamaliza zimitsa laputopu, poyatsa uzidina F12 ngati ndi Dell, pa HP ndi F9, usankhe flash ija.

Apa ndiye pofunika. Idzatseguka Linux yonse koma ikuyendera pa flash, Windows yako sinakhudzidwe olo pang'ono. Usathamangire kudina Install. Lumikiza WiFi, seweretsa nyimbo umve ngati mawu akutuluka, somekamo printa yapashopu ija upulinte tsamba limodzi. Ndiye utsegule mu LibreOffice, pulogalamu yolowa m'malo mwa Microsoft Office, fayilo ya Word ya kasitomala, osati yophweka ayi, ija yokhala ndi matebulo ndi logo pamwamba, uone ngati mizere sinasokonekere chifukwa nthawi zina imasuntha, ndipo kasitomala sangamve zoti pulogalamu ndi yaulere, iye akufuna pepala lake lituluke bwino basi.

Anzako aja akunena zoona kuti Linux ulipira ziro ndipo code yake aliyense akhoza kuiwerenga. Koma Photoshop ndi CorelDRAW mmenemo mulibe, ndipo iwe ndalama zako zimachokera ku makadi aukwati. GIMP ndi Inkscape zolowa m'malo mwake zilipo, kungoti manja amafunika kuzolowera. Ndiye kwa ine, zikayenda bwino pa flash, sankha Install alongside Windows, Linux ndi Windows zikhale ziwiri, za pa intaneti ndi za banki uzichitira ku Linux, Windows yakaleyo izingogwira za design. Poika batire likhale lodzadza, magetsi akazima pakati pogawa disk zinthu zimaonongeka.

Za seva ya kasukulu ija, kompyuta yotumikira makompyuta ena, nde musavutike n'kukangana. Ikani Ubuntu Server, Linux ya ma seva, ya LTS yomwe imasamalidwa nthawi yaitali, ma update a chitetezo zaka 5 osalipira, pomwe Windows Server laisensi yake amawerengera ma core, zigawo za processor.  Pokhapokha ngati asukuluwo akufuna Active Directory, ya Microsoft yoyang'anira ma account ndi makompyuta ambiri pamodzi, apo Windows ndi yosavuta.

Flash ikakana kutsegula Linux, lowa mu BIOS, ma settings a poyatsa laputopu, uzimitse Secure Boot, ikavutabe jambula sikirini unditumizire.