Mabuku Awiri Amene Anditengera Dzinja Lonse

Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo, ndi inu achinyamata mwabisala kumbuyoko. Apampando andipempha kuti ndinenepo za mabuku amene ndabweza ku laibulale yathu sabata yatha. Ine si mphunzitsi ayi. Ndimawerenga madzulo ndikaweruka kumunda, masamba asanu kapena khumi, mpaka tochi itayamba kufiira. Ndiye mabuku awiri okha anditengera dzinja lonse.

Loyamba ndi nkhani yochitikadi, ya William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu. Dzina lake ndi The Boy Who Harnessed the Wind, linatuluka mu 2009. Ambiri munamvapo pa wailesi kuti mnyamatayu anapanga magetsi a mphepo. Njala ya 2002 itavuta, makolo ake analephera kulipira fizi, iye n'kusiya sukulu ya sekondale. Mu laibulale yaing'ono ya pa pulayimale anapeza buku la sayansi lachingerezi, ndipo poti Chingerezicho chinkamuvuta, ankatsatira zithunzi. Anatola fani ya thirakitala kudzala, mapaipi apulasitiki n'kuwawamba pamoto kuti aphwatalale, njinga yakutha ya bambo ake, dayinamo, ndi milongoti ya bulugamu. Anthu ankati wapenga. Babu litayaka, onenawo ndi amene anayamba kubwera ndi mafoni kudzatchaja.

Koma ine pomwe ndinaima nthawi yaitali si pa magetsipo. Ndi pa njala. Akamafotokoza anthu akulimbirana gaga, banja likudya kamodzi patsiku, ndinkangogwedeza mutu, chifukwa ifenso tinaziona ndi maso. Buku lotere umaliwerenga ngati mboni pabwalo: apa wanena zoona, apa waiwala chakuti.

Lachiwiri ndi nkhani yopeka, Things Fall Apart, ya Chinua Achebe wa ku Nigeria, ya mu 1958. Ndinalitenga monyinyirika. Ndinkati, munthu wa imvi ngati ine ndiziwerengeranji zinthu zoti sizinachitike? Ndiponso mayina ake Achiigbo ankandipinda lilime.

Muli bambo wina, Okonkwo, katswiri wa kulimbana, mlimi wa zilazi, wa akazi atatu. Bambo ake anali munthu wa ngongole, wokonda chitoliro ndi uchema, ndipo Okonkwo anakula ndi mantha amodzi: kuoneka wofooka ngati bambo akewo. Manthawo ndi amene anamulamulira moyo wonse. Panali kamnyamata, Ikemefuna, komwe mudzi wina unapereka ngati dipo, ndipo kanakhala pakhomo pake zaka zitatu n'kumamutchula kuti bambo. Mudzi utagamula kuti kaphedwe, mkulu wina anamuchenjeza kuti dzanja lake lisakhudzepo. Koma kamwanako katathamangira kwa iye, anakatema yekha ndi chikwanje, kuopa kuti anzake anganene kuti ndi wamantha.

Amayi ndi abambo, pamenepo ndinatseka buku. Usiku umenewo tulo sitinabwere. Ndinakumbukira tsiku lina mwana wanga wamwamuna akulira pamaliro a agogo ake, ine n'kumukalipira pagulu kuti mwamuna salira. Sikuti mwanayo analakwa. Ndinkaopa maso a anzanga. Papita zaka zambiri, ndipo palibe anandidzudzulapo, mpaka munthu wopekayu, wa kudziko lomwe sindinapondeko.

Pena ndinaseka ndithu. Okonkwo atapha munthu mwangozi, chilango chake chinali kukakhala kwawo kwa amayi ake zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo iye anachiona ngati tsoka lalikulu. Ndinati, akanakhala Mchewa, kwa amalume n'kwawo kwenikweni, bwenzi atangoti wabwerera kumudzi! Apo m'pomwe ndinaona kuti iwo amatsata kuchimuna.

Za mmene amishoni analowera m'mudzimo, ndi mathero ake, sindinena, ndingakulandeni nyama pakamwa. Ndingoti mwana wake Nwoye sanaiwale chikwanje chija.

Wina anandifunsa panja kuti labwino ndi liti. La Kamkwamba ndikufuna mdzukulu wanga aliwerenge, ndipo Chingerezi chake n'chosavuta. La Achebe ndikufuna abambo anzanga. Mawu akakuvutani, lembani pakapepala mudzafunse ana asukulu, ndimo ndinkachitira inenso. Onse awiri ali patebulopo kwa alembi. Wotenga alembetse dzina, ndipo chonde musapinde masamba, ikani kaudzu pomwe mwalekezera.