Za mabatani a kamera ija, mphwanga

Mphwanga, mwadzuka bwanji kumeneko ku Chembe? Kuno ku Sodwana, ku South Africa, tili bwino, kungoti lero mphepo yavuta, maboti sanatuluke, ndiye ndapeza mpata woti ndikuyankhe modekha. Uthenga wako ndaumvera kawiri. Ukuti kamera ndinakutumizira ija kumtunda ikugwira, posaya pa Otter Point ikugwiranso, koma mukatsika pansi pa madzi kuseri kwa chilumba cha Thumbi kufika mamita 18 kapena 20 imangoti zii, udine chani siyankha. Mukakwera m'boti yadzuka ngati sinachite kanthu. Mtima pansi, kamerayo sinafe. Usavutike kupita nayo kwa okonza mafoni ku Monkey Bay, sakapezamo vuto.

Vuto lili pa bokosi lake lija loiteteza ku madzi, housing. Tamvera. Bokosilo umalitseka uli kumtunda, ndiye mkati mumatsala mpweya wa kumtunda womwewo. Kunja madzi akulifinya, ndipo ukatsika mamita 10 alionse akuwonjezera bar imodzi, muyeso wa kufinya kwa madzi, zija unaphunzira pa kosi yosambira pansi pa madzi. Pa mamita 20, kamalo kochepa ngati chikhadabo chako kasenza makilogalamu awiri. Tsono batani lililonse ndi kachitsulo kolowa mpaka mkati, kali ndi sipuling'i yake ndi ka O-ring kakang'ono kotchinga madzi. Ukadina, sipuling'iyo ndi imene imalibweza. Kumtunda ntchito yake njopepuka. Pansi ikulimbana ndi madzi, ndiye pakangolowa kamchenga, kapena ka O-ring kauma, kapena sipuling'i yatopa, batani limalowa osabwerera. Kamera imayesa kuti chala chako chikadali pompo, n'kusiya kumvera mabatani ena onse. Batani limodzi lokhalo lagoneka kamera yonse.

Apa ndivomere, mwina mlandu ndi wanga. Bokosilo ndinagula kwa mlendo wina amene anasambira nalo kuno m'madzi a mchere, ine ndinangolitsuka pamwamba n'kulilongedza. Mchere ukauma umasanduka timiyala m'mabatanimo. Kwathuko madzi alibe mchere, inde, koma mchenga wa pagombe ndi ndere zimachita chimodzimodzi, makamaka mwera ukavundula nyanja.

Ndiye chita izi. Tulutsa kamera, tseka bokosi lopanda kanthu, uliviike m'beseni la madzi oyera ofunda, osati otentha ayi, ofunda ngati osambitsa khanda. Likhale m'menemo ola lathunthu, ngakhale usiku wonse. Lili m'madzi momwemo dina batani lililonse kambirimbiri, zunguliza ka gudumu, sewetsa kogwirira ka zoom. Uzimvera ndi chala. Limene likubwerera mwaulesi kapena likumveka tsekesetseke, ndi lomwelo mbava yathu. Tenga mswachi wakale wofewa upukute m'mbali mwake.

Tsopano mvetsetsa apa, chifukwa ndikukudziwa iwe ndi njinga ija. Osathira WD-40. Osapaka Vaseline, osapaka mafuta ophikira. Mafuta ngati amenewo amatha kufufumitsa mphira, batani n'kumamatira kuposa kale, mapeto ake madzi n'kulowa. M'kathumba ka zipi muja ndinaikamo kachubu ka girisi wa bokosi lomwelo. Yekhayo basi, ngakhale girisi wa bokosi la mtundu wina usabwereke, mphira zake zimasiyana. Bokosi likauma, kadontho kochepetsetsa pa kachitsulo ka batani, kenako dina mpaka alowe. Pa O-ring yaikulu ya chitseko pakanso pang'ono zedi, ingonyezimira. Girisi satchinga madzi, ntchito yake ndi yoti mphira iziterera. Ukachulutsa amakola mchenga ndi tsitsi, ndipo katsitsi kamodzi nkokwanira kumiza kamera.

Ukatero usaikemo kamera msanga. Tsika nalo bokosilo lopanda kamera, tsiku limene ulibe alendo. Mkati ika tishu ndi kamtovu kamodzi kokulunga bwino m'sokosi kuti kasamenye galasi, apo ayi bokosilo lizikukokera m'mwamba. Ima pa mamita 5, udine onse. Pa 10, pa 15, pa 20, chimodzimodzi. Popeza bokosilo limaonekera mkati, uona ndi maso kachitsulo kamene katsalira. Mukatuluka yang'ana tishu. Ngati wanyowa olo pang'ono, kamera isalowemo mpaka tikambirane.

Nanga onse akagwira bwino bokosi lili lopanda kanthu, koma ukaikamo kamera vuto labwerera? Ndiye kuti kamera sikukhala pamalo pake. Kawirikawiri ndi kachingwe ka padzanja kaja, kamapanikizika kumbuyo n'kukankha kamera pang'ono chabe. Kachotseretu. Uonetsetsenso kuti kogwirira ka zoom kalumana ndi ka kamera usanatseke. Ndipo uzitsekera m'nyumba pamthunzi, osati m'boti padzuwa, chifukwa mpweya wotentha wachinyezi umasanduka nthunzi pagalasi ukafika m'madzi ozizira. Timapaketi ta silika toyamwa chinyezi tija tikhalemo, koma tisagwere pa O-ring.

Zikakuchitikiranso uli pansi, tembenuza bokosi uone batani limene lalowa kuposa anzake. Likoke pang'onopang'ono ndi zikhadabo, molunjika. Osalipana ndi mpeni, osaligwedeza uku ndi uku, ungatsegulire madzi njira. Likakana, kwera mamita awiri kapena atatu modekha, nthawi zambiri limadzibweza lokha. Ndati modekha, mphwanga. Kuno ndaonapo anthu akuluakulu maso ali pa kamera, osadziwa kuti akuthamangira pamwamba pa madzi. Iwe uli ndi alendo kumbuyo, komanso nyanja yathu ili pamtunda, pafupifupi mamita 500 kuchokera pa nyanja ya mchere, ndiye kompyuta yako yosambira nayo ikhale yotchera bwino ndipo mphindi zitatu zoima pa mamita 5 potuluka zija usazidumphe chifukwa cha chithunzi cha kampango. Pabokosipo alemba mamita 45, koma pepala lako la kosi limathera pa 30. Kamera payokha popanda bokosi imathera pa 15.

Kanzeru kena, konzeratu zonse uli m'boti, kuwala, flash, zonse, kuti pansi uzingodina chojambulira chokha. Mbuna sizidikira munthu akufufuza menyu.

Ngati watsuka, wapaka, koma batanilo likutsalirabe pa mamita omwewo, ndiye kuti sipuling'i yatha mphamvu. Usamasule wekha, mkati muli kachitsulo kogwira kakang'ono ngati njere ya mpunga, kakadumphira mumchenga sudzakaonanso. Ungolijambula batanilo pafoni unditumizire, ndifunse mnzanga amene amakonza mabokosiwa kuno. Masipuling'i ndi ma O-ring ndidzapatsira munthu wokwera basi ya ku Joni kutha kwa mwezi.

Uwauze amayi kuti ya feteleza ndiitumiza Lachisanu, asadandaule. Bwana akuitana, masilinda a mpweya akudikira kudzazidwa. Undiuze za tishu uja.