Zaka 17 za Maluwa Opanda Mbewu

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? M'mawa uno tiwerenge Yobu 14:7-9, pamene Yobu akunena kuti mtengo, ngakhale audule, umakhalabe ndi chiyembekezo choti udzaphukanso ukangomva fungo la madzi.

Pa chilumba cha Rodrigues, kum'mawa kwa Mauritius, pali chitsamba cha maluwa oyera chotchedwa café marron, cha m'banja limodzi ndi khofi. Kwina kulikonse padziko sichimera chokha. Anthu anagwetsa nkhalango za pachilumbapo kuti alime, mbuzi zikumaliza zotsala, mpaka akatswiri anati basi, chitsambachi chinatheratu. Chomwe chinatsala ndi chithunzi chojambula pamanja cha mu 1877. Cha m'ma 1980 mphunzitsi wina anaonetsa ana asukulu chithunzicho, ndipo mnyamata wina anabwera ndi kanthambi komwe anathyola pafupi ndi kwawo. Chinalipo, koma chimodzi chokha.

Anthufe ndi ovuta. Mbiri itamveka, ambiri anayamba kuthyola nthambi zake amvekere ndi mankhwala, mpaka chinachita kumangiridwa mipanda kuti chipulumuke kwa omwe ankachikhulupirirawo.

Mu 1986 tinthambi tina anatitumiza ku Kew Gardens, malo osungira ndi kufufuza zomera ku London. Kumeneko chinaphuka, nkumachita maluwa chaka ndi chaka, koma osabereka mbewu. Apa ndi pamene pandigwira mtima ine. Pali mayi akuwerenga uthengawu amene wapempherera mwana wake woledzera kwa zaka zambiri. Kutchalitchi sajomba, m'kwaya amayimba, anthu amangoona maluwa, koma iye akudziwa kuti chomwe akupempha sichinaoneke. Pali m'busa yemwe mpingo wake sukukula. Mwina ndi inuyo.

Osamalira chitsambacho sanasiye kuthirira. Mmodzi wa iwo, Carlos Magdalena, anayesa njira zosiyanasiyana, ndipo mu 2003 chipatso choyamba chokhala ndi mbewu zamoyo chinaoneka, patadutsa zaka 17. Mbande zina zinabwezedwa ku Rodrigues nkudzalidwa m'nkhalango zomwe akuzidzutsanso.

Ngati munthu angapirire chotere chifukwa cha chitsamba chimodzi, nanga Mlimi weniweni yemwe Yohane 15:1 akunena, angakutayeni inu chifukwa chipatso chachedwa?

Tipemphere. Atate, mukudziwa amene watopa ndi kudikira lero. Mupatseni mphamvu yopempherabe, ndipo mumuyankhe pa nthawi yanu. M'dzina la Yesu, ameni.