Alendo a ku Bil'in ndi mpanda wa m'minda ya azitona

Zikomo a wapampando, mafumu athu, amayi ndi abambo nonse amene mwafika. Nkhani imene ndabwera nayo lero ndi ya mudzi wina wakutali wotchedwa Bil'in, m'dera la West Bank ku Palestine, kumadzulo kwa mzinda wa Ramallah. Ndi mudzi waung'ono, wa anthu osafika 2,000 pa nthawi imene ndikukambayi, ndipo ambiri mwa iwo ankadalira mitengo ya azitona imene anasiyiridwa ndi makolo awo.

M'chaka cha 2002 boma la Israel linayamba kumanga mpanda wautali wolekanitsa anthu ake ndi a ku Palestine, ponena kuti likufuna kutchinga anthu amene ankadziphulitsa ndi mabomba m'mabasi ndi m'misika ya m'mizinda yake, ndipo n'zoona kuti anthu ambiri anafa m'zaka zimenezo. Vuto linagona pa njira ya mpandawo. M'malo motsata malire a 1949 olekanitsa Israel ndi West Bank, gawo lalikulu la mpanda wa makilomita pafupifupi 700 linalowa mkati mwa West Bank. Pa 9 July 2004 khothi la dziko lonse la ku The Hague linapereka maganizo ake akuti kumanga mpanda pa malo amenewo n'kuphwanya malamulo a mayiko, koma ntchito inapitirira. Ku Bil'in mpandawo unadutsa pakati pa nyumba za anthu ndi minda yawo, ndipo kutsidya kwake kunkamangidwa nyumba zatsopano za mudzi wa Aisraeli wa Modi'in Illit.

Anthu a m'mudzimo anasankha komiti yawo, ndipo kuyambira mu February 2005 ankachita zionetsero Lachisanu lililonse akatuluka ku mzikiti. Anali ataona zimene anzawo a m'mudzi wina wa ku West Bank wotchedwa Budrus anachita mu 2003 ndi 2004, pamene amayi ndi atsikana anaima kutsogolo kwa makatapila mpaka njira ya mpanda inasinthidwa. A ku Bil'in anawonjezera luso lawo. Tsiku lina ankadzimangirira ndi unyolo ku mitengo ya azitona imene inkafuna kuzulidwa, tsiku lina ankadzitsekera m'khola la zitsulo pa njira ya makatapila. Mu December 2005 anachita chinthu chimene ine ndimachiona chanzeru koposa zonse: anamanga kanyumba pa munda wawo kutsidya kwa mpanda, kufupi ndi nyumba zimene zinkamangidwa popanda chilolezo chokwanira, kuti aone ngati lamulo lidzagwetsa kanyumba kawo n'kusiya zinazo.

Tsono alendo analowa pati? Pa mzere wa Lachisanu uja pankakhala achinyamata ndi okalamba ochokera ku Ulaya, ku America ndi kwina, ambiri kudzera m'gulu la International Solidarity Movement limene linayamba mu 2001, komanso Aisraeli enieni a gulu la Anarchists Against the Wall. Anthuwa sanabwere ndi ndalama kapena ndi ulamuliro. Anabwera ndi matupi awo, makamera ndi mapasipoti. Mawu akuti pasipoti musawapeputse. Eni mudzi ankadziwa kuti msilikali amaganiza kawiri asanawombe pamene pagulu pali nzika ya dziko limene kazembe wake adzafunsa mafunso mawa, ndiponso kuti munthu wa ku Palestine akagwidwa amakazengedwa ku khothi la asilikali, pamene mlendo nthawi zambiri amangothamangitsidwa m'dzikomo. Alendo ena ankagona m'mudzimo kuti asilikali akabwera usiku kudzagwira anthu apeze pali wojambula. Ena ankathandiza kukolola azitona mu October ndi November, m'minda imene mwini wake sakanafikamo yekha mosavuta.

Akuluakulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma ku Bil'in womuuza pometa anali mwini mudzi. Komiti ndi imene inkasankha njira yodzera, uthenga wa tsikulo ndi nthawi yobwerera, chifukwa mlendo akakwera ndege kubwerera kwawo, amene amatsala ndi asilikali pakhomo ndi mlimi uja ndi ana ake. Mfundo imeneyi ndi imene ndikufuna muigwire pa nkhani yonseyi. Ndisabisenso kuti si Lachisanu lililonse limene linkatha mwabata. Achinyamata ena ankaponya miyala, asilikali ena anavulala, ndipo boma la Israel linkatchula zionetserozo kuti zipolowe. Komiti inkalimbikira kuti njira yake ndi yopanda zida, ngakhale kuti sikanatha kugwira dzanja la mnyamata aliyense.

Pasipoti ija sinali chishango chokwanira. Mu April 2007 mayi Mairead Maguire a ku Northern Ireland, amene analandirapo mphoto ya mtendere ya Nobel, anawombedwa mwendo ndi chipolopolo cha mphira ku Bil'in komweko. Mu March 2009 Tristan Anderson wa ku America anamenyedwa m'mutu ndi chitini cha utsi wokhetsa misozi m'mudzi woyandikana nawo wa Ni'lin, ndipo analumala. Patangotha mwezi umodzi, pa 17 April, chitini cha mtundu womwewo chinamenya pachifuwa Bassem Abu Rahmah, mwana wa m'mudzi wa Bil'in, ndipo anamwalira. Mlongo wake Jawaher anamwalira pa 1 January 2011 atapuma utsi pa zionetsero za dzulo lake, ngakhale kuti asilikali anakana kuti utsiwo ndi umene unamupha. Banja limodzi, maliro awiri. Pakati pa maliro awiriwa, mu August 2009, m'mudzimo munafika Archbishop Desmond Tutu a ku South Africa pamodzi ndi Jimmy Carter, mtsogoleri wakale wa dziko la America, ndipo dzina la Bil'in linamveka m'mawailesi a mayiko ambiri.

Pamene anthu ankayenda Lachisanu, mlandu wawo unkayendanso ku khothi, ndipo loya wawo anali Muisraeli, Michael Sfard. Pa 4 September 2007 khothi lalikulu la Israel linagamula kuti njira ya mpanda ku Bil'in sinasankhidwe pa zifukwa za chitetezo zokha, popeza inkasiya malo oti mudzi wa Modi'in Illit ukulirepo, ndipo linalamula kuti isinthidwe. Chigamulo chinatuluka, koma mpanda unakhalabe pomwepo kwa zaka pafupifupi zinayi, mpaka mu June 2011 pamene asilikali anayamba kuugwetsa. Mudzi unabwezeredwa gawo chabe la minda yake, ndipo gawo lina lalikulu linatsala kutsidya kwa chipupa chatsopano cha simenti. Pa malo obwezedwawo anthu anabzalanso mitengo, ndipo pafupi ndi pamene Bassem anagwera, mayi ake ankathirira maluwa obzalidwa m'zitini zakutha za utsi wokhetsa misozi zimene zinatoleredwa m'mindamo.